Mphepo Yofunda ya Levy Daka

Mukalowa m'sitolo ya penti ndi misomali ija ili kuseri kwa msika wa m'tauni ya Kabwe, munthu amene adzakupimireni misomali diso lina lili pa foni ndiye Levy Daka. Musaope, sakuberani pa sikelo ayi. Mutu wake wokha ndiwo umakhala uli kunyumba ku Kasanda, kumene makina ake akulira. Ndi mwamuna wamfupi, wa zaka makumi atatu ndi zisanu ndi ziwiri, wolankhula mochedwa moti mukamufunsa mtengo wa bulashi mukhoza kuyamba mwapita kukagula tomato n'kubwerera.

Agogo ake anachokera ku Petauke kudzagwira ntchito pa mgodi wa mtovu. Atate ake, a Stanislaus, nawo analowa pansi pomwepo zaka makumi awiri ndi ziwiri. Iwo sanali oboola miyala. Ntchito yawo inali ya mphepo: kuyendayenda m'makwalala a pansi, kuona ngati mpweya wabwino ukufika kwa anthu ndiponso ngati woipa ukutuluka. Mgodi utatsekedwa mu 1994, Levy ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, banjalo linatsala ndi nyumba ya kampani ija, ndipo a Stanislaus anatsala ndi nzeru zimene panalibenso wozifuna. Kuyambira pamenepo munthu wowafunsa za mphepo sanaonekenso, kupatula amayi ofuna kudziwa ngati zovala ziuma.

Levy anakula ndi manja osakhazikika. Ali ndi zaka khumi anamasula wailesi ya atate ake tsiku la mpira, tsiku la mpira abale! Anamukwapula, iye n'kuibwezeretsa misozi ili chuchuchu, tizitsulo titatu n'kutsala patebulo, koma wailesi inalankhula. Anamaliza Giredi 12, ya koleji panalibe, n'kulowa m'sitolo muja. Anakwatira Tryness, mtsikana wa m'kwaya ya ku tchalitchi kwawo, amene amasoka mayunifolomu a sukulu pakhonde. Amayi ake a Levy atamwalira, banja latsopanolo linakhala m'nyumba yomweyo ndi mdala. Mwana wawo mmodzi yekha anamutcha Lubuto.

Za makina zinayamba mu 2021. Mnzake wina, Happy, anali ndi kachipinda ka magemu ku Ngungu, ndipo pamene ankatseka bizinesiyo anamugulitsa makhadi awiri, aja amaikidwa m'kompyuta kuti zithunzi za magemu zizithamanga bwino. Happy ndiye anamutsina khutu kuti makhadi omwewo, ukawasiya akuwerengera masamu usana ndi usiku, amakupatsa tinyenyeswa ta ndalama za pa intaneti, zija amati kiripito, ndipo ntchitoyo amaitcha kukumba. Levy anamva kukoma. Anatola zitsulo za mashelefu zotayidwa ku sitolo, n'kumanga chimango, n'kupachikapo makhadiwo ngati nsomba zoyanika. Chaka chisanathe anali asanu ndi limodzi.

Wina angaganize kuti munthuyu analemera. Kulemera kwanji! Zimene ankapeza zinkathera ku mayuniti a magetsi, ndipo mwezi ukakoma pankapezeka nkhuku ya Lamlungu. Pamene ndalama yaikulu imene onse ankakumba inasintha malamulo mu 2022, anzake ambiri anagulitsa makhadi, koma Levy anangosamukira ku tindalama tina ting'onoting'ono timene mayina ake ngakhale Tryness anakana kuwaphunzira. Chimene chinkamusangalatsa chinali kuweta makinawo: kutsitsa kutentha pang'ono, kuchepetsa magetsi amene khadi likudya, kumva ndi khutu kuti fani yachitatu yayamba kukhosomola. Amuna ena amaweta nkhunda, ena amathera ku bala. Tryness ankati bola wake amadziwa kumene ali.

A Stanislaus okha ndiwo sankafuna n'kumva komwe. Ankati mgodi wanji wolowa utavala patapata, wopanda chipewa, wopanda thukuta? M'chipinda cha makinacho sanapondemo ngakhale kamodzi. Akamadutsa pakhomo pake ankatembenuzira nkhope kumbali ngati muli chonunkha, ndipo Levy, ngakhale sankanena, zinkamupweteka.

Chipindacho chinali kasitolo kakale ka m'nyumba, koyandikana ndi chipinda chogona. Zenera lake linkayang'ana kumene kuli chimulu chakuda cha zotsalira za mgodi, chija chimaoneka paliponse ku Kasanda. Makhadi asanu ndi limodzi amatentha ngati mbaula, choncho Levy anachotsa galasi pa zenera n'kuikapo chifani chachikulu chokoka mphepo ya panja. Makhadi anazizira, iye n'kudzitama mumtima.

Ndiye kunabwera Juni, ndipo kuzizira kwa ku Kabwe mu Juni sikuseka ndi munthu. Lubuto anali ndi zaka ziwiri, chimfine sichinkamuchoka. Tsiku lina Levy ataima m'kachipinda kake kofunda bwino, anamva mwana akuyetsemula kuseri kwa khoma, nzeru n'kumubwerera. Anatenga hamala ndi tchizulo, n'kuboola khoma m'munsi, pafupi ndi pamene panali kamatiresi ka mwana, n'kutchingapo ndi kawaya ka sefa. Mphepo yofunda inayamba kulowa kuchipinda chogona, yaulere, yopanda utsi wa makala. Tryness anasangalala mpaka anaitana anzake a kwaya kuti adzaone nzeru za bashi Lubuto, monga amamuitanira mwamuna wake potsata chizolowezi cha ku Kabwe. Zovala za mwana zinkauma pa bowo pomwepo. Lubuto anapakonda kwambiri, moti ankaseweretsa zidole zake pamenepo tsiku lonse.

Zimenezo zinamukomera Tryness pa chifukwa chinanso. Mayi aliyense wa ku Kasanda amadziwa kuti dothi la kumeneko lili ndi mtovu, ndipo mtovu ukalowa m'magazi a mwana umadya nzeru mwakachetechete. Ana a anthu ena ankagubuduka m'fumbi panja, koma wake ankakhala m'nyumba, waukhondo, wofunda. Fumbi lopyapyala limene ankalipeza pansi m'mawa uliwonse ankalisesa akunyoza malole odutsa mumsewu. Zinapita choncho nyengo zozizira ziwiri.

Lubuto atakwanitsa zaka zinayi, ku kiliniki kunabwera zoyeza magazi a ana. Tryness anapita mtima uli m'malo. Anabwerako nkhope itagwa, kapepala kali m'manja. Nambala ya mtovu m'magazi a Lubuto inali 43. Nesi anamuuza kuti ikangokwera pang'ono mwanayo adzafunika mankhwala amphamvu ochotsa mtovu, ndipo anamufunsa ngati mwanayo amadya bwino ndiponso ngati amalankhula monga anzake. Tryness anayankha kuti ayi, chifukwa Lubuto ankatola chakudya ngati mbalame, ndipo mawu ake anali owerengeka. Onse ankangoti watengera atate ake kuchedwa pakamwa.

Chimene chinawaimitsa mitu chinali china. Mwana wa nyumba yoyandikana nayo, amene amadya dothi ngati shuga, anapezeka ndi 30. Zitheka bwanji kuti wosungidwa m'nyumba apose wogubuduka panja? Tryness analira, Levy anafufuza pa foni mpaka maso kuwawa, osapeza yankho. Anaganizira madzi, anaganizira ndiwo za kumsika, anaganizira penti ya pakhoma. A Stanislaus anamvetsera zonsezo, ndipo chakudya chawo chamadzulo chinabwerera chosakhudzidwa.

M'mawa mwake, Loweruka, mdala anatuluka m'chipinda chake atavala malaya omangidwa mabatani mpaka pakhosi. Anapempha mpongozi wawo kuti awapatse koyilo ya udzudzu ndi machesi. Anaiyatsa, n'kuzungulira kuseri kwa nyumba, Levy ndi Tryness akuwatsata osadziwa kuti nkhani ndi yotani. Pa zenera la makina anakweza koyilo m'mwamba. Utsi sunazengereze, unapindika n'kulowa m'chifani ngati waitanidwa. Kenaka, kwa nthawi yoyamba, a Stanislaus analowa m'chipinda cha makina. Sanayang'ane makhadi. Anagwada movutikira, mawondo akulira, n'kuika koyilo pafupi ndi simenti. Utsi unakwawa pansi, n'kulowa pa bowo lija. Atapita kuchipinda chogona anaupeza ukutulukira pa kamatiresi, pamene Lubuto anakhala akuveka chidole chake nsanza.

Mdala anatulutsa kansalu koyera m'thumba, anakanyowetsa ndi malovu, n'kupukuta kawaya ka pa bowo. Kansaluko kanada bii.

"Iwe Levy," anatero motsitsa mawu, "pansi paja tinali na lamulo limodzi. Mphepo imene yapita kale pa makina siipita kwa anthu. Iwe watenga fumbi ya ku chimulu, waikoka na fani, waipereka pa mphuno ya mwana."

Levy anatuluka m'chipinda chogonacho. Anapita n'kukazula pulagi kukhoma, nyumba yonse n'kuti zii, bata limene anali ataliiwala. Anakhala pansi m'kachipindamo manja ali kumutu. Mwana wake yemwe, ndi manja ake omwe, ndi hamala yake yomwe! Chimene chinamuwawa koposa n'chakuti bowolo analiboola chifukwa cha chikondi, ndipo anali atanyadira nalo pamaso pa anthu. Anachita manyazi, anachita mantha, ndipo anadzida.

Tryness sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Ananyamula mwana n'kukamusambitsa, anatulutsa kamatiresi panja, n'kuyamba kuchapa chilichonse cha m'chipindamo. Masiku atatu analankhula ndi mwamuna wake za mchere ndi sopo basi. Nayenso mumtima ankadziimba mlandu, poti ndiye ankamukhazika mwanayo pa bowo paja kuti asatuluke panja.

Lachitatu Levy anamasula makhadi onse, anawakulunga m'manyuzipepala n'kuwaika m'thumba la ufa, kuti akawagulitse m'tauni kwa aliyense amene angawafune, pa mtengo uliwonse. Pageti anapeza atate ake atakhala pa mpando wawo. Anamufunsa kumene akupita ndi katunduyo, ndipo atamva, anamuuza kuti akhale pansi. Anati kugulitsa makhadi sikuchotsa fumbi limene lili kale m'nyumba, kapena la pabwalo limene mwanayo adzapondabe moyo wake wonse. Anati makina alibe mlandu, cholakwika ndi njira imene mphepo inapatsidwa. Kenaka anayang'ana zala zawo.

"Zaka ziwiri nakhala nikumva mphepo ija pa akakolo nikapita pa khomo paja," anatero. "Ine wamene niziwa nchito ya mphepo. Sin'nalowe, chifukwa n'nali kunyoza. Mlandu uyu tigawana, mwana wanga."

Levy anali asanamvepo atate ake akuvomera kulakwa, ngakhale pa nkhani ya mpira. Thumba lija analibweza m'nyumba.

Ndiye munayamba ntchito m'nyumba ya a Daka, ndipo kapitawo anali mdala. Anajambula pulani pa katoni ya sopo, mivi yolowa ndi mivi yotuluka. Bowo lija analitseka ndi njerwa ndi simenti, galasi n'kubwerera pa zenera. Tsache analiletsa m'nyumba monse, chifukwa limangoulutsa fumbi. Kunatsala chikolopa ndi nsalu yonyowa, makoma ndi mawindo omwe. Nsapato zonse zinayamba kugona pakhomo, ndipo ngakhale a katekisiti atabwera kudzacheza anavula, a Stanislaus ataima pambali ngati mlonda. Levy anagulitsa makhadi awiri okha, n'kuitanitsa lole ya dothi labwino lochokera kutali ndi tauni. Analimwaza pabwalo ponse n'kubzala kapinga, kuti pasakhale dothi lowonekera. Madzi otsukira mbale ndi ochapira onse ankathera pa kapingayo. Tryness naye anatsata zimene nesi anamuuza: mazira, tinsomba ta kapenta, mkaka ukapezeka, ndi kusamba m'manja mwana asanagwire chakudya chilichonse.

Makhadi anayi otsalawo anawasamutsira m'khola lakale la nkhuku, kumapeto kwa bwalo. Apa ndiye panali mikangano! Levy ankafuna mphepo yambiri kuti makhadi azizizira, mdala ankafuna mphepo yoyera. Anagwirizana pa sefa ya mpweya ya lole imene Happy anawapezera kwa makanika wa ku Nakoli, kutsogolo kwake n'kupachikako chiguduli chonyowa. Mpweya wotentha anaupatsa paipi yokwera kupitirira denga. A Stanislaus anakana kuti makina ayatsidwe mpaka mpongozi wawo aone yekha. Anayatsa koyilo, Tryness ataima manja ali m'chiuno, ndipo utsi unalowa pa chiguduli n'kukatulukira kumwamba, kutali ndi nyumba. Tryness anauyang'ana nthawi yaitali.

"Yatsani, bashi Lubuto," anatero. "Koma mwana asapondeko."

Musaganize kuti mdala anasiya kunyoza. Ankatibe ndi mgodi wa anthu aulesi. Koma m'mawa uliwonse, Levy akapita ku sitolo, ankapita kukhola kuja kukanyowetsa chiguduli, ndipo anaphunzira kuwerenga manambala a kutentha pa kagalasi. Tsiku lina Levy akupima misomali foni inalira, atate ake akumuuza mwaukali kuti khadi lachiwiri lafika 71, kodi akufuna kuotcha nyumba? Levy anaseka yekha mpaka kasitomala anamufunsa ngati zili bwino. Magetsi atayamba kuthimathima kwambiri mu 2024, makina ankagona maola ambiri kuposa amene ankagwira ntchito, ndipo awiriwo ankakhala pa kapinga akudandaula limodzi ngati alimi odikira mvula.

Koma pansi pa zonsezo panali mantha amene sankachoka. Nesi anali atanena kuti mtovu sutuluka msanga m'thupi, ndipo kuti abwerenso pakatha miyezi isanu ndi umodzi. Levy ankamuyang'anitsitsa mwana wake pakudya, akuwerenga masupuni mumtima. Lubuto akatchula liwu latsopano, bambo ake ankalibwereza kwa aliyense ku sitolo. Tsiku lina mwanayo anafunsa chifukwa chake ambuya ake, a Stanislaus, amayenda ndi utsi, chiganizo chathunthu, ndipo Tryness anasiya makina osokera n'kulowa m'nyumba kukapukuta maso. Komabe mawu si magazi. Palibe ankadziwa ngati ntchito yonseyo inali itafika m'thupi mwa mwanayo, kapena ngati anachedwa.

Tsiku loyezanso, Levy anapempha tchuthi cha theka la tsiku. Pa mzere wa ku kiliniki mwamuna anali yekha pakati pa amayi oposa makumi awiri, ndipo amayiwo sanamusiye. Wina anafunsa ngati akazi ake athawa, Tryness ali pambali pomwepo, wina n'kuti amuna oterewa amagulitsidwa kuti, akagule wake. Levy anangomwetulira, mwana ali pamiyendo. Atalowa, Lubuto analira pomubaya chala, ndipo bambo ake anayang'ana kukhoma. Kamakina koyezera kanatenga mphindi zitatu. Munthu amene amatha kukhala ola lathunthu akuyang'ana manambala a makhadi analephera kuyang'ana kagalasi kameneko.

Nesi anati 29. Levy anapempha kuti abwereze, ndipo anabwereza. Anawauza kuti nambalayo ikadali yokwera, kuti ulendo ukadalipo wautali ndipo asatayirire, koma kuti yatsika bwino kwambiri, ndipo za mankhwala amphamvu zija aziiwale kaye. Anafunsa chimene anachita kunyumba. Tryness anayamba kufotokoza za kapinga ndi chikolopa, koma Levy anamudula n'kunena yekha za bowo lija, zonse, osabisa kanthu, kuti mwina nesiyo akachenjeze ena.

Panjira Tryness anamupatsa mwamuna wake kapepala ka zotsatira kuti anyamule ndiye, ndipo anamugwira pamkono, chinthu chimene sachita pamsewu. Atakhota pa ngodya ya kwawo anaona a Stanislaus ataima pageti. Anali ataima pamenepo kuyambira m'mawa, anatero mayi wa nyumba yoyandikana nayo pambuyo pake, ndipo tiyi wawo anazizira pa mpando.

"Zingati?" anafunsa mdala, iwo asanafike n'komwe.

"Twente naini, atate."

A Stanislaus anagwedeza mutu kamodzi. Anatembenuka msanga, n'kuitana mdzukulu wawo kuti abwere asambe m'manja poti wachokera kumsewu. Lubuto anathamanga n'kutambasula timanja take pa beseni. Mdala ananyamula jagi, koma manja awo ankanjenjemera kwambiri moti madzi ankagwera pambali, pa kapinga. Levy anafika n'kugwira jagiyo mbali inayo, ndipo anathira awiri mpaka mwanayo anamaliza kusamba.